Njanji ya Makatani a Jean

LOLEMBA

Bambo, 08:41
Ndayeza ndi protractor yaikulu ija ndinkaphunzitsira Form 2. Ngodya ya kumanzere ndi 132, ya kumanja 141. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyang'ana zenera limeneli ndikuyesa mbali zake nzofanana.

Mtisunge, 08:58
adad mwadzuka bwanji kaye kkk
mukuyeza chani

Bambo, 09:01
Ndadzuka bwino mwanawe. Ndikuyeza zenera la pabalaza, la mbali zitatu lija. Ndatsitsa njanji ya makatani imene unagula ku Limbe amayi ako asanayambe kudwala. Inali pamwamba pa wadilopu, ili m'pepala lake.

Mtisunge, 09:03
track ija? ndinaiwalako. mukufuna muike nokha?

Bambo, 09:05
Papepala alemba kuti munthu mmodzi akhoza kuipinda ndi manja. Ndikufuna ndione ngati akunena zoona.

Mtisunge, 09:06
pls osakwera pa mpando wa pulasitiki uja. itanani kalipentala wa pa Khonjeni

Bambo, 09:12
Ndikwera patebulo. Kalipentalayo ndinamufunsa mwezi watha, anati tingoidula zidutswa zitatu. Zidutswa zitatu ndi zimene zilipo kale, mawaya atatu pa misomali. Amayi ako ankadana nazo chifukwa m'ngodya mumatsala mpata, odutsa mumsewu amaona mkati. Anasoka makatani awiri aatali oti azikhota m'ngodyamo nkukumana pakati. Sanapachikidwepo. Ali mu sutikesi yawo.

Mtisunge, 09:20
ok
adad, amayi aang'ono a Teleza anandiimbira dzulo. akuti Loweruka lino amalume a Malizani akubwera ndi abale kudzakusudzulani. bwanji simunandiuze

Bambo, 09:27
Unali ndi odwala ako. Ndi mwambo chabe. Chaka chikukwana chimwalirireni amayi ako, ndiye abale awo ayenera kundimasula. Amanena mawu pang'ono, anthu nkudya, nkubalalika.

Mtisunge, 09:29
si chabe. akuti amalume akufuna mnyumbamo mulowe mdzukulu wawo Lizzie ndi mwamuna wake. akuti malo ndi a kuchikazi, inu ndinu mkamwini, akakumasulani nde kuti muzipita kwanu

Mtisunge, 10:15
adad?

Mtisunge, 11:40
mwawerenga, ndikuona

Bambo, 12:32
Papepala akuti bulaketi yogwirizira njanji kukhoma isakhale pangodya penipeni, ikhale masentimita khumi uku ndi uku. Sanafotokoze chifukwa chake. Ndikuganiza kuti akuopa timawilo tonyamula katani tingakodwe pokhota.

Mtisunge, 12:34
ndafunsa zina mwayankha zina
kwanu kwake nkuti? mupita kuti?

Bambo, 12:50
Ndinabadwira kumalaini a esiteti, nyumba nambala 17. Anaigumula mu 1981. Pano ndi Field 9, pali tiyi wabwino ndithu. Agogo ako aakazi anachokera kutsidya kwa Ruo ali mtsikana, sanabwererekonso, ndipo mudzi wawo sindiudziwa. Funso lako ndi labwino.

Mtisunge, 12:52
nde inuyo mukufuna chani

Bambo, 13:10
Pakali pano ndikufuna nyuzipepala zakale. Zija zili m'chipinda chako ndingatenge?

Mtisunge, 13:11
tengani

LACHIWIRI

Bambo, 07:55
[chithunzi]
Ndayala nyuzipepala pansi pa zenera, ndazimata ndi selotepi, ndajambula mmene khoma likukhotera. Njanji ndidzaipinda motsata mzerewu.

Mtisunge, 08:30
mwajambula bwino ngati pa bolodi kkk. koma zenera limeneli munalitenga kuti adad? mudzi wonse ndi ife tokha, anzanga ankati nyumba yathu ili ndi mimba

Bambo, 09:48
[mawu ojambula, 4:12]
Mtisunge, kulemba zimenezi kunditengera tsiku lonse, ndiye umvere ukapeza mpata. Chinali chaka cha 1957. Agogo ako a Fackson anali kalipentala wa esiteti. Ntchito yawo inali kukhoma mabokosi a tiyi ndi kukonza zitseko m'nyumba za azungu. Dona wa bwana wamkulu anali ndi zenera la mbali zitatu loyang'ana kuphiri, ndipo anaitanitsa njanji ya mkuwa kuchokera kwawo. Inayenda pamadzi mpaka ku Beira, pasitima mpaka pa siteshoni ya Khonjeni. Kuchoka apo amuna anayi anaisenza pamapewa ataikulunga m'masaka, poti dona anakana kuti ikwere lole. Kapitawo anaitana a Fackson nawauza kuti njanjiyi ndi imodzi yomweyi, ina kuti ifike ndi miyezi inayi. Masiku amenewo munthu akachotsedwa ntchito Lachisanu, pofika Lolemba m'nyumba yake kumalaini mumakhala mutalowa wina. Ife tinalipo ana anayi, wachisanu ali m'njira. Tsono a Fackson matabwa ankawadziwa, ukawapatsa thabwa ankalinunkhiza nkukuuza kumene linadulidwa, koma chitsulo anali asanapindepo. Masiku atatu sanaikhudze njanjiyo. Ankatsuka mapazi pampopi wa kukhitchini, kulowa, kuyang'ana zenera, kuyang'ana njanji, nkutuluka. Dona anayamba kufunsa wophika ngati kalipentalayo amabwera kudzapemphera. Kunyumba ankadula nsungwi, kuziwamba pamoto, kuzipinda, nkumayang'anitsitsa pamene zathyokera. Chakudya ankangochigwira pamwamba. Tsiku lachinayi anapempha kuti chitseko cha pabalaza chitsekedwe, asalowe munthu. Pofika madzulo makatani anali m'mwamba, dona akuwakoka uku ndi uko. Anawapatsa chitini cha mabisiketi, mabisiketi ake atadya kale. Pa nambala 17 tinakhalapo zaka zina makumi awiri. Chimene sindidziwa mpaka lero ndi chimene chinachitika kuseri kwa chitsekocho. Nditakula ndinawafunsa kangapo, ankangoseka nkuyamba nkhani ina. Pomanga nyumba ino ndinauza mmisiri kuti ndikufuna zenera ngati lija. Amayi ako anati ndaononga njerwa. Kenako ndi iwo amene ankaswera pomwepo ndi makina awo osokera.

Mtisunge, 10:40
ndamvera pa tea break. eish
mwina anaitenthetsa pamoto ngati nsungwizo?

Bambo, 10:46
Mkuwa ukapsa umada. Dona akanaona.

Mtisunge, 10:47
mwina anaizunguliza pa drum

Bambo, 10:55
Za mgolo ndinaganizapo. Ndinaganizaponso za tsinde la bulugama, koma pabalaza la mzungu munalibe mtengo. Analowa ndi nyundo, sowo, tupa ndi thabwa limodzi, ndi zokhazo zimene amayi anga anawaona atanyamula.

Mtisunge, 11:02
ndaona ka video. akuti muike pa bondo, manja motalikirana, muzipinda pang'ono pang'ono mukusuntha. osapinda malo amodzi. yanuyo ndi aluminium, ndi yofewa

Bambo, 14:20
Mabulaketi asanu ndi awiri ali pakhoma. Mapulagi a pulasitiki a m'paketimo sakugwira, pulasitala wathu akungofumbutuka. Ndasema timitengo ta bulugama, ndakhomera m'mabowo, masikuluu agwira bwino.

Bambo, 14:31
Amalume ako anadutsa akuchokera kudimba. Anamva kugogoda, anaima panja pa zenera nthawi ndithu. Anafunsa ngati munthu wa paulendo amaboola makoma. Ndinati ndikuyesa zimene alemba papepala. Anayang'ana m'mwamba nati bulaketi yachitatu yatsika.

Mtisunge, 14:35
mxm zikuwakhudza chani

Bambo, 14:41
Anagwira ntchito ya fitala, yokonza makina, kufakitale ya tiyi zaka makumi atatu. Ndayeza, inatsikadi ndi theka la sentimita. Ndakonza.

Mtisunge, 15:10
adad ndili pa duty Loweruka. matron akuti ndipeze ndekha wosinthana naye, aliyense akukana, kuli ukwati wa mnzathu

Bambo, 15:16
Usavutike. Odwala sangadikire mwambo.

LACHITATU

Bambo, 10:22
[chithunzi]

Mtisunge, 10:25
iii chachitika nchani

Bambo, 10:39
Njanji ndinaigoneka chagada pa nyuzipepala kuti ndiziona mpata woyendamo timawilo. Ndinapinda ngodya zonse ziwiri pabondo monga unanenera, zinakhota bwino kwambiri. Nditaitembenuza kuti ndiikweze, ngodya ya kumanzere inapezeka kumanja. Ndinaiwala kuti chinthu chikagona chagada manja ake amasinthana. Mphunzitsi wa masamu, zaka 34.

Bambo, 10:44
Ina ndangoonjezera kupinda, yavomera. Inayo imafunika kuibweza pang'ono. Poibweza yafinyika, yapanga chigongono. Timawilo tikafika pamenepo tikuima.

Mtisunge, 10:50
sorry adad. sizingawongoke?

Bambo, 10:53
Ndayesa ndi pulayala, ndaonjeza kuipweteka.

Mtisunge, 11:30
ndamufunsa mnzanga wa ku Limbe. akuti shop ija inatsekedwa, pano amagulitsamo matayala. ndiyang'ana kuno ku Lilongwe ndikatuluka

Bambo, 11:42
Usayang'ane. Ndaibwezera pamwamba pa wadilopu. Ndimafuna kudziwa ngati munthu mmodzi angathe, ndadziwa.

Bambo, 13:05
Ndatsitsa sutikesi yaikulu ija. Mabuku sakukwanamo. Atlas ndi dikishonale ndipereka kusukulu. Ako a unesi ndiwasiya kwa amayi ako aang'ono.

Mtisunge, 13:07
mukulongedza??

[foni yosayankhidwa, 13:08]

[foni yosayankhidwa, 13:10]

Bambo, 13:44
Ndinali kuseri. Pa Boma pali chipinda kumbuyo kwa msika, ndinachiona mwezi watha. Nchouma, chili pafupi ndi chipatala. Zenera lake ndi limodzi, lowongoka.

Mtisunge, 13:46
nde munakachiona kale osandiuza
adad nyumba munamanga ndinu. manda a amayi ali pompo. ndiuzeni chomwe mukufuna, kupita kapena kukhala

Mtisunge, 15:20
adad

Mtisunge, 17:02
mwadya?

Bambo, 17:15
Ndadya.

LACHINAYI

Bambo, 09:31
[mawu ojambula, 5:03]
Yayamba? Alamu, kofiiraka ndiye kuti yayamba? Chabwino, pitani mukaone madzi pamoto, ndikufuna ndilankhule ndi mwana wanga. Mtisunge, ndine mayi ako Teleza, foni ndalanda ya bambo akoyi, yanga ilibe mayunitsi. Ndabwera ndi masamba a maungu, ndapeza munthu wakhala pansi pakati pa mabuku ngati akugulitsa. Ndati nanga kugogoda kuja kwathera pati, wandionetsa chitsulo chake chopindikacho, nkundiuza kuti bambo ake akanakhala moyo akanachita manyazi. Ine kuseka mpaka kukhala pansi. Tamvera. Amayi athu a Marita, agogo akowo, anali aya m'nyumba yomweyo, ankalera mwana wa dona. Tsiku limene a Fackson anatseka chitseko anaiwala kuti pabalazapo panali chitseko china chochokera kuchipinda cha mwana. Amayi analowa kudzatenga botolo, anapeza bambo wamkulu wakhala pansi manja ali kumutu, mkuwa uja uli pamiyendo utafinyika ngati khosi la nkhuku. Akuti anaupinda pamwendo wa tebulo la dona, kamodzi nkamodzi. Amayi anatenga makatani aja, anali awiri aatali, nkupita nawo kwa dona. Anamuuza kuti dziko lino si kwanu, kuno kuli chiperoni, nsalu yaitali chonchi ikachapidwa siuma, imachita nkhungu nkununkha, bola tiidule zikhale zinayi. Dona anavomera, anathokozanso. Amayi anadula nkupinda m'mphepete masana omwewo, ndiye panalibe katani yofunika kudutsa pofinyikapo, iliyonse imathera pangodya yake. A Fackson anapala ndi tupa, nkukhoma kabokosi ka matabwa pamwamba kubisa njanji yonse. Dona anakakonda kabokosiko mpaka anati akakhome m'zipinda zonse. Ndi imeneyo nkhani ya kuseri kwa chitseko. Amayi anatiuza tsiku limene bambo akowa anabwera kudzafunsira Jean atavala tayi. Anati mwana wa kalipentala uja, mulandireni, bambo ake chaka chilichonse amandibweretsera mpando osanena chifukwa chake. Jean ankadziwa zonsezi. Ndinkati muuze mwamuna wako, iye ankati musiyeni, nkhaniyo amaikonda. Tsono za Loweruka. Amalume ako si munthu woipa, Lizzie ali ndi khanda m'nyumba yodontha, mvula ikubwera. Iwo akuti Mtisunge ali ku Lilongwe, za nyumba alibe nazo ntchito, ndipo alamu sananenepo kuti akufuna kukhala. Akunama pamenepo? Ine ndilankhula, koma nyumba si yanga. Mwana wamkazi wa Jean ndiwe, nyumba ya mayi ako ndi yako. Ubwere udzanene ndi pakamwa pako anthu akumva. Za pafoni savomera, adzati Teleza wakuuza zonena. Ukapanda kubwera, Lolemba Lizzie akulowa. Alamu, ndimazimitsa pati?

Mtisunge, 10:12
ndamvera kawiri
adad mulipo?

Bambo, 11:03
Ndilipo. Foni siyenera kusiyidwa patebulo.

Bambo, 11:20
Kabokosi kaja ndikukakumbukira. Kankaoneka ukamadutsa mumsewu wa kufakitale, kopaka vanishi. Ndinkayesa ndi kokongoletsa chabe.

Mtisunge, 11:22
mwakhumudwa?

Bambo, 11:38
Ndadabwa. Nkhaniyi ndinafunsa bambo, ndinafunsa wophika uja atakalamba, ndinafunsa mwana wa kapitawo. Ndinkafunsa amuna okhaokha. Munthu amene anaona ndi maso ndinadya naye Khirisimasi zaka makumi awiri.

Bambo, 11:45
Amayi ako ankandimvera ndikuifotokoza kwa mlendo aliyense wofunsa za zenera. Ankagwedeza mutu, nthawi zina nkundikumbutsa za chitini cha mabisiketi ndikaiwala.

Mtisunge, 11:47
kkkk amayi
ndalira pang'ono mu sluice room, motsukira ziwiya za odwala

Bambo, 12:30
Amayi ako aang'ono akuti adule makataniwa monga anachitira a Marita. Ndakana. Anasokedwa kuti azikhota.

Mtisunge, 12:33
nde mupanga bwanji

Bambo, 12:41
Akuti ndiwaonetse amalume ako, chitsulo chofinyika ndi ntchito ya fitala. Sindikuona mmene ndingapemphere munthu kuti andikonzere nyumba imene akubwera kudzandichotsamo.

Mtisunge, 12:42
mabuku mwabweza pa shelefu?

Bambo, 12:58
Ali pomwe anali, pansi.

LACHISANU

Mtisunge, 08:10
ndafunsa anthu 5, onse ayi

Mtisunge, 12:25
adad ndikuopa. amalume sindinawayankhepo chibadwire. ndikangowaona ndimakhala ngati ndili std 3

Bambo, 12:49
Ndi munthu wofuna zinthu zikhale m'malo mwake, basi. Pamaliro a amayi ako ndi iye anagona panja masiku onse.

Mtisunge, 16:05
mnzanga Zaina wavomera, anditengera Loweruka ine ndidzamutengera Christmas. bus yoyamba 6 koloko mmawa. anthu akuti akumana nthawi yanji?

Bambo, 16:20
Akuti 11. Sufika, ndi kutali. Sindinakupemphe kuti ubwere.

Mtisunge, 16:21
ndikudziwa. vuto lake ndi limenelo

LOWERUKA

Mtisunge, 06:20
tanyamuka

Mtisunge, 09:05
tadutsa Ntcheu. driver akuima paliponse

Bambo, 09:30
Uyende bwino. Azimayi akuphika kuseri. Mikeka ayala pansi pa mtengo wa mapeyala.

Mtisunge, 10:48
Zalewa. muwachedwetse adad pls

Bambo, 10:57
Sindidziwa kuchedwetsa anthu. Ndinkalanga ochedwa.

Bambo, 11:25
Afika. Amalume ako alowa kudzandipatsa moni pabalaza. Njanji ija ndaipeza patebulo, sindine ndinaiika pamenepo. Amayi ako aang'ono akuyang'ana kudenga.

Mtisunge, 11:27
kkkkk nde?

Bambo, 11:36
Ainyamula ngati mwana wodwala. Afunsa amene anaigwira ndi pulayala. Ndavomera. Anena mawu ena a Chilomwe amene sindilemba.

Bambo, 11:52
Avula jekete. Aitanitsa kachidutswa ka mlombwa ndi kandulo. Asema kamtengo kofanana ndi mpata wa timawilo, akupaka kandulo, akukalowetsa kuchokera kumapeto nkumakagogoda pang'onopang'ono kuti katsegule pofinyikapo kuchokera mkati. Sindikanaganiza zimenezo. Akuti mapaipi a kufakitale ankawatero.

Mtisunge, 12:04
ndili mu Limbe, minibus ikudikira anthu 3. afunseni mafunso ambiri

Bambo, 12:10
Sindikuchita kupeka, mafunso ndili nawo. Akuti chitsulo chimakumbukira pamene chinapindidwa, ukachibweza msanga chimakwiya. Ndafunsa ngati mkuwa umateronso. Ayamba kufotokoza za boilala ya 1974.

Mtisunge, 12:31
tanyamuka. ndalipirira mipando iwiri yotsalayo

Bambo, 12:44
Abale amene ali panjawo atumiza munthu kawiri kudzafunsa. Amalume ako akuti adikire, ntchito siisiyidwa pakati. Ali patebulo, ine ndagwira mbali inayo. Ndikulemba ndi dzanja limodzi. Akuti mabulaketi onse ndinaika molakwika koma agwira.

Bambo, 13:02
Timawilo tadutsa.

Bambo, 13:15
Amayi ako aang'ono atulutsa makatani mu sutikesi. Tawapachika. Akhota ngodya zonse ziwiri, akumana pakati, palibe mpata. Kutalika kwake ndendende, akungokhudza pansi. Amayi ako anayeza ndi chingwe, opanda tepi.

Mtisunge, 13:16
chithunzi pls

Bambo, 13:18
Udzaona wekha.

Mtisunge, 13:19
tadutsa Bvumbwe kalekale, pafupi pa Boma. amalume akuti chani

Bambo, 13:24
Awakoka kanayi. Akondwa kwambiri. Aitana Lizzie kuti adzaone, amuuza kuti apeza pabwino, asamalole ana kukoka mwamphamvu. Avala jekete. Tikutuluka.

Mtisunge, 13:25
ayi ayi
ndikukwera njinga yamoto, 30 min

Mtisunge, 13:41
adad musavomere kanthu

Mtisunge, 13:50
adad?

Bambo, 14:03
Mwambo watha. Alankhula bwino, akuti mlongo wawo ndinamusunga mwaulemu mpaka tsiku lomaliza, alibe nane chifukwa. Andimasula. Amayi ako aang'ono anena kuti mwini nyumba ali m'njira, amalume ako akuti akhala akumva zimenezo kuyambira m'mawa. Andifunsa tsiku limene ndinganyamuke kuti apeze ngolo ya katundu. Ndapempha kukamwa madzi. Ndili kuchipinda.

Mtisunge, 14:06
ndatsika. ndili kuseri kwa mpanda, ndikuwaona onse pamikeka

Mtisunge, 14:07
ndisanalowe adad. ndikanena kuti nyumba ndi yanga, amalume afunsa kuti nanga bambo ako akuti chani. sindikunenerani zomwe simunanene. mukati Boma, ndikuthandizani kunyamula mabuku. ndiuzeni

Mtisunge, 14:09
ndikudikira, yankhani

Bambo, 14:12
Sindikufuna kuchoka pano, Mtisunge.

Bambo, 14:12
Lowa. Ndikanena ndekha, iwe udzangokhala pafupi nane.